Miyendo ya Mayi si Mpando wa M'galimoto

Chaka chatha, m'nyengo ya masika, mwana wanga wachisamba amene amagwira ntchito ku Lusaka anabwera kudzationa kuno ku Petauke, pamodzi ndi mkazi wake ndi khanda lawo la miyezi 7. Loweruka m'mawa tinakonzeka ulendo wa ku Nyimba, kumene mlongo wanga anali kukwatitsa mwana wake wamkazi. Akazi anga atalowa m'galimoto anatambasula manja kuti alandire mdzukulu wawo, monga achitira agogo onse chiyambire makedzana. Koma mpongozi wathu anagwada pambali pa chitseko, nanena motsitsa mawu kuti: "Pepani amayi, mwanayu akhala pa mpando wake. Tikafika mukamunyamula tsiku lonse."

Ndisabise, mawu amenewa anatipweteka tonse awiri. Mayi amene analera ana asanu ndi mmodzi, osagwetsapo ndi mmodzi yemwe, lero nkumanidwa mdzukulu chifukwa cha kampando ka pulasitiki! Mumtima ndinati izi ndi zachizungu za anthu a m'tauni. Khandalo analimangirira pa mpando wake kumbuyo, litafulatira kumene tinali kupita. Akazi anga anakhala pambali pake, ndipo posowa chonyamula anaika pamiyendo kadengu ka mazira kamene tinatengera eni ukwati. Mpongozi sanalekere pomwepo, anawapemphanso kuti amange lamba, ndipo iwo anamanga monyinyirika.

Titangopitirira pa Minga, ng'ombe ziwiri zinatulukira m'tchire nkulowa mumsewu. Mwana wanga anaponda mabuleki ndi mphamvu zake zonse. Sitinagunde kanthu, ndipo ng'ombezo zinawoloka ngati palibe chachitika. Koma kadengu kaja, ngakhale mayi anakagwira ndi manja awiri, kanapulumuka, kanadutsa pakati pa mipando yakutsogolo nkukamenya pa dashibodi. Sipanatsale dzira ndi limodzi lomwe losasweka. Khanda lija linangodzidzimuka, linalira pang'ono, nkugonanso. Tinakhala chete nthawi yaitali. Potsiriza akazi anga, akuyang'ana manja awo opanda kanthu, anati: "Akanakhala mwana."

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa ndi kuwerenga za nkhaniyi, pakuti safunsa anadya phula. Zimene ndapeza ndi zimene ndifuna tigawane mwezi uno. Mutu wake ndi umodzi: kumsana ndi pamiyendo pa mayi ndi malo abwino koposa a mwana pakhomo, kumunda, kumtondo ndi m'tchalitchi, koma m'galimoto yoyenda mwana afunika malo akeake ndi lamba wakewake.

Msewu wathu unasintha, ife sitinasinthe

Ife amene tinakulira m'mbali mwa msewu wa Great East Road timakumbukira masiku a mabasi a UBZ, pamene ulendo wa ku Lusaka unali nkhani ya mudzi wonse. Magalimoto anali owerengeka, ndipo m'zaka zimene msewu unakumbika, maenje omwewo ndiwo anali kubweza liwiro la madalaivala. Cha mu 2013 inayambika ntchito yaikulu yokonzanso msewuwu kuchokera pa mlatho wa Luangwa, kudzera ku Nyimba, Petauke, Sinda, Katete ndi Chipata, mpaka kumalire a Mwami, ndi chithandizo cha European Union ndi African Development Bank. Tonse tinakondwera, ndipo nkoyenera kutero. Nthochi za ku Nyimba ndi nsawa za ku Petauke zimafika msanga pamsika, ndipo wodwala safera panjira monga kale.

Koma walira mvula walira matope. Msewu wosalala umaitana liwiro. Mabasi aakulu a pakati pa Lusaka ndi Chipata, malole olemera opita ku Malawi ndi ku Mozambique, maminibasi, matakisi, njinga zamoto, njinga zakapalasa, ngolo, mbuzi, nkhumba ndi ana a sukulu, zonsezi zikulimbirana phula limodzi lomweli. Magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito ochokera ku Japan achuluka, kotero kuti mphunzitsi, namwino kapena mlimi amene wagulitsa bwino mbewu zake angathe kukhala ndi galimoto yake, chinthu chimene makolo athu sanachilote nkomwe. Ana amene kale anali kukwera galimoto kamodzi pa chaka, lero ena akukwera mlungu uliwonse.

M'zaka zaposachedwa apolisi a dziko lathu akhala akuwerenga anthu pafupifupi 2,000 ofa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO, mu lipoti lake la 2023, linati anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafera pamsewu pa chaka, ndiponso kuti pakati pa ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 palibe matenda amene amapha ambiri kuposa ngozi zimenezi. Tinaphunzira kugoneka ana m'masikito ndi kupita nawo ku sikelo kukalandira katemera. Chimene sitinaphunzire ndi kuwakhazika m'galimoto.

Chifukwa chake manja amalephera

Mayi aliyense amakhulupirira kuti ngozi itachitika angamugwiritsitse mwana wake, ndipo palibe angakayike za chikondi chake. Vuto silili pa chikondi koma pa mphamvu. Galimoto ikamathamanga, zonse zili m'katimo zikuthamanga pa liwiro lomwelo. Ikagunda chinthu nkuima, thupi la munthu siliima nayo. Limapitirira ulendo mpaka litapeza choliimitsa. Ngati choliimitsacho si lamba, ndiye chikhala dashibodi, galasi lakutsogolo kapena phula la pamsewu.

Kugunda chinthu pa liwiro la makilomita 50 pa ola, limene ambiri a ife timati nkuyenda pang'onopang'ono, kuli ngati kugwa kuchokera pamwamba pa mamita 10. Pa kamphindi kameneko thupi limakokera kutsogolo ndi mphamvu yoposa kulemera kwake ka 20 kapena ka 30. Mwana wa makilogalamu 10 amasanduka katundu wa makilogalamu 200 mpaka 300, ndiye kuti matumba anayi kapena asanu ndi limodzi a chimanga, aja a makilogalamu 50. Ndani mwa ife angagwire matumba anayi a chimanga ataponyedwa mwadzidzidzi, diso lisanaphethire nkomwe? Ngakhale mwamuna wamphamvu amene amasenza matumba pa depoti sangathe.

Palinso choopsa china. Ngati mayi wanyamula mwana pamiyendo ndipo iye mwini sanamange lamba, thupi lake lonse limamutsatira mwanayo ndi kumupanikiza pa dashibodi kapena pa mpando wakutsogolo. Ngati wazunguliza lamba mmodzi pa iye ndi pa mwana, lambayo amagwira mwana poyamba, ndipo kulemera konse kwa mayi kumamufinya kuchokera kumbuyo. Motero thupi lomwe linamubereka ndi kumuyamwitsa ndilo limamupweteka, mwini wake asakufuna.

Tikumbukirenso kuti mwana si munthu wamkulu wofupika. Mutu wa khanda ndi waukulu ndi wolemera poyerekeza ndi thupi lake, pamene khosi lake likadali lanthete. Nchifukwa chake amayi amachirikiza mutu pomusambitsa. Nthiti zake nzofewa, ndipo mafupa a m'chiuno, amene lamba wa m'galimoto amayenera kugwira, sanakhwime. Lamba anapangidwira munthu wamkulu. Mukamangira mwana wamng'ono, mbali yam'munsi imakwera pamimba, pamene pali chiwindi, kapamba ndi matumbo, ndipo mbali yam'mwamba imadutsa pakhosi.

Kumene nzeruyi inachokera

Lamba wodutsa paphewa ndi m'chiuno amene timamuona m'magalimoto lero anamupanga ndi Nils Bohlin, katswiri wa kampani ya Volvo ku Sweden, mu 1959. Kampaniyo inalola ena onse opanga magalimoto kutengera nzeruyi kwaulere, poona kuti ndi nkhani ya moyo. Mu 1964 dokotala wina wa dziko lomwelo, Bertil Aldman, anaonetsa mpando woyamba wa mwana wofulatira kutsogolo. Iye anali ataona mmene anthu opita kumlengalenga anali kugonera chagada m'chombo chawo ponyamuka, kuti mphamvu yowakankha igwere pa msana wonse, ndipo anaganiza kuti khanda lingatetezedwe mwa njira yomweyo. Mu 1978 a Volvo anatulutsanso katsamiro kolimba kokwezera mwana wokulirapo kuti lamba wa akulu amuyenere, kamene ogulitsa amakatcha booster.

Papita zaka zoposa 50 anthu akuyesa mipando imeneyi ndi kuwerenga zotsatira zake. A WHO amati mpando wa mwana womangidwa bwino ungachepetse imfa za makanda pa ngozi ndi 71 peresenti, ndipo lamba amachepetsa imfa za akulu a m'galimoto mpaka ndi theka. Mankhwala otere akanakhala a malungo, tonse tikanaima pamzere ku chipatala cha Minga kuyambira mbandakucha.

Mpando uliwonse ndi msinkhu wake

Kwa iwo amene ali ndi galimoto pakhomo, kapena amene ana awo a m'tauni amabwera ndi adzukulu, nawa masitepe anayi amene mwana amadutsamo. Poyeza tisadalire zaka zokha. Sikelo ndi msinkhu ndizo zimanena zoona.

Sitepe yoyamba ndi ya khanda, kuyambira tsiku lotuluka m'chikuta mpaka litafika makilogalamu pafupifupi 13. Mpando wake umafanana ndi kabeseni, ndipo umaikidwa mofulatira kutsogolo, kuti pa ngozi mutu, khosi ndi msana zikankhidwire mu mpando zonse pamodzi. Muyezo watsopano wa ku Ulaya, umene unayamba mu 2013, umati mwana akhale chofulatira mpaka atakwanitsa miyezi 15, ndipo madokotala a ana amalangiza kupitirira pamenepo malinga ngati mpando ukumukwanabe. Makolo ena amada nkhawa poona miyendo ya mwana itapindika. Mwana samva kuwawa ndi zimenezo, pakuti kumsana kwa mayi amakhalanso chopinda miyendo.

Sitepe yachiwiri ndi ya mwana woyenda, wa makilogalamu 9 mpaka 18, ndiye kuti mpaka zaka pafupifupi 4. Mpando wake uli ndi malamba akeake odutsa m'mapewa onse awiri, m'chiuno ndi pakati pa miyendo. Malambawo akhale othina bwino, osapotana; ngati mungathe kutsina lamba wa paphewa ndi zala ziwiri nkumupinda, ndiye kuti ngwolobodoka. M'miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye muvuleni jekete lokhuthala musanamumange, ndipo bulangete mumufunditse pamwamba pa malamba.

Sitepe yachitatu ndi ya katsamiro kokwezera kaja, kwa mwana wa makilogalamu 15 mpaka 36. Pano mwana amamanga lamba wa galimoto yemweyo, koma atakwezedwa, kuti lambayo agwere pa ntchafu ndi m'chiuno osati pamimba, ndiponso adutse pakati pa phewa osati pakhosi. Pilo wa pabedi kapena chitenje chopinda sizingalowe m'malo mwake, chifukwa pa ngozi zimaphwa kapena kuterereka, mwana nkupulumukira kunsi kwa lamba. Sitepe imeneyi ndi imene makolo ambiri amailumpha, poganiza kuti mwana wa giredi 1 wakula.

Sitepe yachinayi ndi lamba wa akulu payekha. Mwana wafikapo ngati, atatsamira bwino msana wake ku mpando, mawondo ake akupindikira m'mphepete mwa mpandowo, lamba wam'munsi ali pa ntchafu, wam'mwamba ali paphewa, ndipo angathe kukhala motero ulendo wonse osatsetsereka. Ana ambiri amafika pamenepa ali ndi zaka 10 mpaka 12. Musalole mwana kupisa lamba kukhwapa kapena kumuponya kumbuyo kwa msana.

Pa masitepe onsewa malo a mwana ndi mpando wakumbuyo. Magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi thumba la mpweya lobisika mu dashibodi, lija amati airbag, limene pa ngozi limafufuma ndi liwiro loopsa kuti litchinjirize munthu wamkulu. Thumba lomwelo lingathe kupha mwana wamng'ono, makamaka khanda limene mpando wake wofulatira waikidwa kutsogolo. Nawo mpando wa mwana uyenera kumangidwa molimba ku galimoto, ndi lamba kapena ndi tizitsulo tija totchedwa ISOFIX. Ukamagwedezeka uku ndi uku mukaukankha, sunamangidwe. Mayi woyembekezera nayenso amange lamba, mbali yam'munsi idutse kunsi kwa mimba, pakuti mpando woyamba wa mwana ndi mayi wake.

Zimene malamulo amanena

Kuno ku Zambia nkhani za pamsewu zili pansi pa lamulo la Road Traffic Act la mu 2002, limene linakhazikitsanso bungwe la RTSA. Kumanga lamba ndi lamulo, si chifuniro cha munthu, ndipo a RTSA amakumbutsa makolo kawirikawiri kuti mwana wosakwana zaka 10 malo ake ndi kumbuyo. Maiko ena anapita patsogolo. Ku South Africa, kumene abale athu ambiri amagwira ntchito, kuyambira mu 2015 mwana wosakwana zaka 3 ayenera kukhala pa mpando wa ana m'galimoto ya banja. Ku Britain mwana amakhala pa mpando wa ana kapena pa katsamiro kokwezera mpaka atakwanitsa zaka 12 kapena atatalika masentimita 135, chimene chayamba kukwanira mwa ziwirizi.

Koma tonse tikudziwa mmene timasungira lamulo. Galimoto ikayandikira apolisi pa mlatho wa Luangwa, dalaivala amakoka lamba msangamsanga, mwana amene anali kutsogolo amamubisa, ndipo tikangowoloka zonse zimabwerera mwakale. Timamangira lamba wapolisi, ngati kuti wapolisiyo ndiye adzatuluke pa galasi. Mapiri ndi makona a pakati pa Luangwa ndi Kacholola sadziwa kuti munthu walipira kale chindapusa. Lamulo lingathe kutilanga, koma silingakhale m'galimoto iliyonse. Amene amakhalamo ndi kholo.

Nanga ife amene tilibe galimoto?

Ndikudziwa kuti awerengi ambiri afika pano akupukusa mutu. Akuti: "Aphunzitsi, inu mukunena za anthu a ndalama. Ife timakwera minibasi, takisi yodzaza mpaka pakhomo, kapena kumbuyo kwa kanta. Mpando wa mwana tiuika pati?" Funso limeneli ndi loona, ndipo sindingalizembe. Inenso maulendo anga ambiri ndi a minibasi ndi njinga. Mpando watsopano m'masitolo a ku Lusaka kapena ku Chipata mtengo wake ungapose matumba angapo a chimanga, ndipo m'basi mwana wa pamiyendo salipira pamene wokhala payekha amalipira. Umphawi ndiwo umakhazika ana pamiyendo. Komabe pakati pa zabwino koposa ndi zoipa koposa pali malo aakulu, ndipo zambiri za m'menemo sizifuna ngwee ndi imodzi yomwe.

Choyamba, mayi wa mwana akane mpando wakutsogolo. Makondakitala ndi madalaivala a takisi amakonda kupereka mpando umenewu kwa mayi wa khanda poyesa kumulemekeza, koma ndi malo oopsa koposa kwa mwana. Thokozani, ndipo pemphani kusinthana ndi bambo wina wa kumbuyo. Chachiwiri, mumasuleni mwana kumsana musanakhale pansi, chifukwa galimoto ikagundidwa kapena kugwedezeka mwamphamvu amapanikizika pakati pa msana wanu ndi mpando. Chachitatu, ngati pali lamba ndipo palibe njira ina koma kunyamula khanda, mangani lambayo pa inu nokha, osazunguliza mwana. Izi sizimuteteza monga mpando wake ukanachitira, koma zimachotsa ngozi yoti thupi lanu limuphwanye.

Chachinayi, mwana wokulirapo asaimirire pakati pa mipando, asatulutse mutu kapena mkono pa zenera, ndipo pa ulendo wautali, ngati thumba lilola, mulipirireni malo akeake okhala ndi lamba. Mabasi aakulu ambiri ali ndi malamba amene amangogona kunsi kwa mipando osagwiritsidwa ntchito. Chachisanu, potsika mwana atulukire khomo la kumanzere, kumbali kwa msewu, ndipo mumugwire dzanja mpaka galimoto itachoka, pakuti ana ambiri amagundidwa pothamangira kuwoloka kuseri kwa basi imene yawatsitsa. Ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala musasiye mwana m'galimoto yotseka, ngakhale mukungokagula nthochi.

Chachisanu ndi chimodzi, tiphunzire kukana. Takisi ya anthu anayi ikanyamula asanu ndi atatu, dalaivala akamanunkha kachasu, kapena wa njinga yamoto akafuna kukweza mayi, khanda ndi ana awiri opanda chipewa cholimba, kuli bwino kudikira ina. Dalaivala akamathamanga mopitirira muyezo, tilankhule. Nthawi zambiri basi yonse imakhala ndi mantha, koma aliyense amaopa kuoneka wamantha, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Mayi mmodzi akayamba kudandaula, ena onse amamuvomereza.

Za mtengo wa mpando, tikumbukire kuti mutu umodzi susenza denga. Mpando wa khanda umagwira ntchito chaka chimodzi kapena kupitirira pang'ono, kenaka umangokhala. M'miphakati yathu timabwerekana mapoto aakulu, mabenchi ndi matenti pa maliro ndi pa ukwati. Chingatiletse nchiyani kusonkha ndalama nkugula mipando iwiri kapena itatu, yoti banja lililonse limene lili ndi ulendo wa galimoto yaing'ono lizibwereka? Wa takisi amene amanyamula amayi otuluka ku chipatala ndi makanda angasungenso umodzi. Mipando ya salaula imapezeka motsika mtengo, koma iyang'anitsitseni: isakhale yong'aluka, malamba ndi loko wake zikhale zonse, ndipo mufunefune kachizindikiro ka chilembo E m'kati mwa kamzere kozungulira, kosonyeza kuti mpandowo unayesedwa. Mpando umene unakhalapo pa ngozi usagwiritsidwenso ntchito, ngakhale ukuoneka wabwino.

Maulendo athu a Mpingo

Tsopano ndiloze chala kwathu komwe. Ndi kangati takweza ana a Stella, a kwaya ndi okalandira Ulimbitso kumbuyo kwa lole kapena kanta, ataimirira, ena atakhala m'mphepete miyendo ili lendelende, akuimba mokondwera, ife akuluakulu tili kutsogolo ndi dalaivala? Ine ndachitapo zimenezi kosawerengeka, ndipo ndinali kuyamika kuti tapeza galimoto yotsika mtengo. Mu Epulo 2005 dziko lonse linalira pamene ana a sukulu oposa 40 a ku Kawambwa, m'chigawo cha Luapula, anafa lole imene inawanyamula potsekera sukulu itagubuduzika. Lole inapangidwira matumba. Ilibe mpando, ilibe lamba, ilibe denga, ndipo ikagwa imakhuthula anthu monga ikhuthulira mchenga.

Makolo akatipatsa ana awo pa ulendo wa Mpingo amatikhulupirira, ndipo mwana wa mnzako ngwako yemwe. Bungwe la parishi likamakonza ulendo, nkhani ya galimoto isamabwere potsiriza, ndalama za chakudya ndi za yunifolomu zitatha kale. Kuli bwino kupita ndi ana 25 atakhala pansi m'basi kusiyana ndi 60 ataimirira pa lole. Kumene lole ndiyo yokha ingafike chifukwa cha msewu, ana akhale pansi m'kati, akulu akhale nawo komweko, chitseko chakumbuyo chitsekedwe, ulendo ukhale wa masana, ndipo dalaivala auzidwe za liwiro asananyamuke.

Mu 2007 ofesi ya ku Vatican yoona za anthu a paulendo, motsogozedwa ndi Kardinala Renato Martino, inatulutsa chikalata chokumbutsa akhristu kuti kayendetsedwe ka galimoto ndi nkhani ya chikumbumtima, yokhudza lamulo lachisanu la Mulungu. Ambiri timapachika korona pa galasi loonera kumbuyo ndi kupemphera tisananyamuke, ndipo ndi mwambo wabwino. Koma si bwino kupempha chitetezo kwa Mulungu kwinaku tikukhalira lamba amene nzeru zopatsidwa ndi Mulungu yemweyo zinatipangira.

Pa ntchito yanga ndatsogolerapo mapemphero pa maliro a mwana amene anafera pamsewu, akulu onse a m'galimotomo atapulumuka ndi mabala ochepa. Kabokosi kake munthu mmodzi anakanyamula m'manja. Anthu potonthoza mayi wake anali kunena kuti inali nthawi yake, ndipo pa siwa si malo otsutsana. Mayi wolira safunika mlandu koma chitonthozo, pakuti anachita zimene tonse timachita. Koma ife otsala tisabisale kuseri kwa mawu amenewa. Madzi akatayika saoleka, koma amene akadali mumtsuko tingathe kuwasamala. Lamulungu lachitatu la Novembala, mwezi umene timapempherera akufa athu, ndi tsiku limene bungwe la United Nations linavomereza mu 2005 kuti dziko lonse lizikumbukira ofera pamsewu. Tsiku limenelo, pambuyo pa mapemphero, namwino kapena wapolisi wa m'parishi mwathu angapatsidwe mphindi zochepa kuti aonetse makolo kamangidwe ka mwana m'galimoto.

Mwana adzalira, inde, makamaka masiku oyamba. Akulu anati mwana akalirira nyanga ya nsatsi msemere, imufotere yekha, koma mwambi umenewu sunanenedwere pamsewu, pakuti pamenepo phunziro limabwera kamodzi kokha. Akalira, imani pambali pa malo abwino, mumuyamwitse, mumutonthoze, ndipo mumubwezere pa mpando wake. Mwana wozolowera kuyambira ukhanda sadziwa kuti pali njira ina, ndipo akaona atate ndi amayi ake akumanga lamba, nayenso amamanga.

Tsiku lija tinafika ku Nyimba opanda mazira, zovala zili ndi madontho achikasu. Mpongozi anasunga lonjezo lake: atangotsika anamasula khanda nalipereka kwa apongozi ake atagwada. Akazi anga analibereka kumsana, navina nalo pa ukwati mpaka dzuwa kupendeka. Pobwerera madzulo, iwo eni ndiwo anamukhazika mdzukulu pa mpando wake, nafunsa mpongozi kuti awaonetse pamene loko amalowera. Anakoka lambayo kawiri kuti aone ngati wagwira, kenaka anamanga wawo.